Linga la ku Mozambique: mizinga idalephera, kasitomala ndiye adaligonjetsa

Inu amene mumadzuka tambala woyamba kukayala katundu pa benchi ku Limbe, ku Lilongwe, ku Zomba kaya ku Mzuzu, tatcherani khutu ndikuuzeni za linga lina lomwe lili kwa anansi athu ku Mozambique. Dzina lake ndi São Sebastião, ndipo Apwitikizi adayamba kulimanga mu 1558. Chiyambire nthawi imeneyo palibe mdani ndi mmodzi yemwe amene adalilanda pa nkhondo. Adatchi adayesa kawiri, Aluya a ku Oman nawo adayesa, onsewo adabwerera chimanjamanja. Koma pitani lero mukaone nokha: mizinga ili gonegone kudyedwa ndi dzimbiri, zipinda za asilikali zili pululu, pabwalo pomwe ankagubira pamera udzu. Nanga ngati zipolopolo zidalephera, chidathetsa mphamvu linga limeneli n'chiyani? Yankho lake inu a geni mukulidziwa bwino kuposa aphunzitsi a histole, kungoti palibe anakufunsani.

Ulendo wake si wa munthu wothamanga magazi ayi. Ine ndinadzera ku Mangochi, kukwera zitunda za ku Namwera, n'kukadinditsa pasipoti pa chipata cha Chiponde. Ukangolowa Mandimba ndiye kuti wayamba kuwerenga ndalama mu meticais, ndipo minibasi kumeneko amaitcha chapa. Ku Cuamba ndinakwera sitima ya ku Nampula, yomwe inatidyera tsiku lathunthu. Abale inu, sitima imeneyi ndi msika woyenda. Ikangoima pa siteshoni ngati Malema kapena Ribáuè, amayi ndi ana amathamangira m'mawindo atasenza anyezi, tomato, nthochi, chinangwa, ena nkhuku zamoyo. Kunenerera mtengo kwake n'kwa changu chifukwa sitima siyembekeza chenje. Ikangoliza wezulo n'kunyamuka, msika wathera pomwepo, aliyense kwawo. Ndinadzifunsa ndekha kuti kodi tsiku lomwe a njanji adzanene kuti pano sitima siziimanso, anthu onsewa adzagulitsa kwa yani?

Kuchokera ku Nampula kukafika kunyanja ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 180. Pa Monapo msewu umagawikana: wina umapita ku doko la Nacala, wina ku chilumba chomwe ndinkapitacho. Malole akuluakulu onse ndinawaona akukhotera ku Nacala, ife a chapa n'kutsala tokha mumsewu wa zii. Mukumbukire mphambano imeneyi, tibwereranso.

Chilumbachi amachitcha Ilha de Moçambique, ndipo ndi chomwe chidapatsa dzina dziko lonse la Mozambique. Chili m'nyanja ya mchere ya India, ndipo umawolokera pa mlatho wopitirira makilomita atatu womwe udamangidwa m'zaka za m'ma 1960. Mlathowu ndi wopapatiza moti magalimoto awiri sangapambane, ina imayamba yapatuka pa malo omwe adakuzako dala. Chilumba chenichenicho n'chaching'ono zedi, makilomita atatu okha mulitali, ndipo mulifupi ukaima pakati umatha kuona madzi uku ndi uku. Anthu ake ambiri ndi Amakua, ndipo amene mumalankhula Chilomwe simungagone ndi njala kumeneko chifukwa zilankhulo ziwirizi ndi za mtundu umodzi.

Ukangotsika mlatho umafikira ku Macuti, komwe kumakhala anthu wamba m'nyumba zothinana, zina zofolera ndi masamba a kokonati. Chinandidabwitsa n'choti nyumba zambiri zili m'munsi mwa msewu, moti ukamayenda umayang'ana madenga pansi ngati uli pa chulu. Nditafunsa anandiuza kuti amenewo ndi maenje omwe ankakumbamo miyala yomangira tauni ya azungu ndi linga lomwe. Ndiye kuti mwala uliwonse womwe udakwera pa khoma la asilikali udasiya dzenje, ndipo m'maenjemo ndi momwe zidzukulu za okumba miyalawo zikugona mpaka lero. Mvula ikagwa yambiri madzi amayambira kwa iwo.

Ukapitirira Macuti umalowa m'tauni ya miyala, ya nyumba zikuluzikulu za makoma okhuthala, zina zopakidwa utoto bwino, zina zogumuka mpaka mitengo yamera m'kati. Kumapeto kwenikweni kwa chilumba, chakumpoto, ndi komwe kuli lingalo. Usanalifike umadutsa bwalo lalikulu lopanda nyumba. Limenelo silidasiyidwe kuti ana azimenyapo mpira ayi. Amisiri a nkhondo sankafuna kuti pakhale khoma kapena nyumba yoti mdani n'kubisalako poyandikira. Aliyense wobwera ndi mfuti ankayenera kudutsa poyera, asilikali a pamwamba akumuwerenga nthiti.

Lingali lili ndi mbali zinayi, zitatu zoyang'ana kunyanja, imodzi yoyang'ana kutauni. Pulani yake adajambula ndi mmisiri wa mfumu ya Portugal dzina lake Miguel de Arruda, ndipo ntchito yomanga idatenga zaka zoposa 50. Nthawi imeneyo amene ankawaopa kwambiri ndi Aturuki, omwe zombo zawo zinkayendayenda m'nyanja ya India. Khomo lake silili kutsogolo ngati la sitolo, lili cham'mbali pafupi ndi gombe, ndipo wofuna kulithyola ankayenera kuyenda m'mphepete mwa khoma, anthu ali pamwamba pa mutu wake.

Chomwe ndinachita nacho chidwi kwambiri ndi ngodya zake. Pa ngodya iliyonse khoma limatuluka kunja ngati nsonga ya muvi, ndipo pamwamba pake pali malo otakasuka oikapo mizinga. Ngodya zimenezi adazipatsa maina a oyera mtima: São Gabriel, Santa Bárbara, São João ndi Nossa Senhora. Nzeru yake ndi yomwe mumachita inu pamsika tsiku ndi tsiku. Munthu ali pa benchi saona mbava yomwe yanyonyomala pansi pa benchi yakeyo, amaiona ndi mnzake wa moyang'anana naye. Chimodzimodzi msilikali ali pamwamba pa khoma lowongoka sangawombere mdani yemwe wafika kale patsinde pa khomalo, pokhapokha atasuzumira, ndipo akasuzumira mutu wapita. Ndiye ngodya yotuluka ija imalola asilikali kuwombera motsata khoma, cham'mbali. Ngodya iyi imalondera khoma la inzake, inzakeyo imalondera la iyi, palibe malo omwe mdani angaike makwerero popanda wina kumuona.

Makoma ake ndi okhuthala kwabasi, ndipo pamwamba pake m'potakasuka ngati msewu, kuti asilikali azitha kukoka mzinga kuchoka mbali ina kupita mbali ina komwe nkhondo yavuta. Kale azungu ankamanga malinga aataliatali owonda, poti mdani ankabwera ndi mivi ndi makwerero. Utabwera onga ndi mizinga, makoma otere ankangogwa ngati chidina chonyowa. Pamenepo ndi pomwe amisiri a ku Italy adayambitsa kamangidwe ka makoma onenepa a ngodya zosongoka, Apwitikizi n'kukatengera mpaka kuno. M'mipata ya pakhoma mukadali mizinga yambiri yachitsulo yoloza kunyanja. Nditaima pambuyo pa umodzi n'kuyang'ana komwe waloza, ndinaona kuti njira ya madzi akuya yomwe zombo zinkalowera padoko imadutsa pafupi penipeni ndi lingalo. Palibe chombo chikadalowa kapena kutuluka popanda chilolezo cha mwini mizinga. Kunena mosapsatira, limeneli linali geti la msika, ndipo wa pageti anali ndi mfuti.

Koma chida chachikulu cha lingali si mzinga. Ndi madzi. Pachilumbachi palibe mtsinje, ndipo nyanja yomwe yachizungulira ndi ya mchere, sungamwe. Ndiye amisiri aja adamanga madenga a nyumba za m'kati mwa linga afulati, okhala ndi timigula. Dontho lililonse la mvula logwa padenga limatsata timigulato, kulowa m'ngalande za m'makoma, mpaka kukathera m'nkhokwe zikuluzikulu za madzi zomangidwa ndi miyala. Bambo wina wachikulire yemwe amaonetsa alendo malowa ananditengera ku nkhokwe imodzi. M'kati mwake ndi mozizira, mwa mdima, ndipo ukalankhula mawu amabwerera ngati uli m'tchalitchi. Anandiuza kuti ngakhale asilikali atachoka, anthu a pachilumba ankabwerabe ndi zidebe kudzatunga momwemo. Kwa msilikali wozingidwa, madzi amenewa anali ngati mpamba kwa munthu wa geni: ukadalipo ukhoza kupirira mwezi woipa, ukatha basi watseka.

Umboni wake udaoneka mu 1607. Adatchi, omwe ankafuna kulanda malonda a ku India m'manja mwa Apwitikizi, adafika ndi zombo zisanu ndi zitatu motsogozedwa ndi Paulus van Caerden. Tauni adailanda mosavuta, Apwitikizi ochepa omwe analipo n'kudzitsekera m'linga pamodzi ndi mkulu wawo Estêvão de Ataíde. Nthawi imeneyo n'kuti lingalo lisanathe n'komwe kumangidwa. Adatchi adakumba ngalande kuti ayandikire khoma, adawombera masabata angapo, koma osaphula kanthu. A m'kati ankamwa madzi a m'nkhokwe, a kunja akuvutika ndi dzuwa ndi matenda. Mapeto ake adatentha tauni chifukwa cha ukali n'kumapita. Mu 1608 adabweranso ndi zombo 13 motsogozedwa ndi Pieter Verhoeff, nkhani yake n'kukhala yomweyo. Patapita zaka, mu 1652, Adatchi adakakhazika malo awo opumulirapo zombo ku Cape. Cha m'ma 1670 Aluya a ku Oman nawo adafunkha tauni ya pachilumbachi koma linga lidawakanika, chonsecho Aluya omwewo adalanda linga la Apwitikizi la Fort Jesus ku Mombasa mu 1698.

Kuseri kwa linga, pa kansonga ka mwala komwe mafunde amamenya, kuli katchalitchi kakang'ono koyera ka Nossa Senhora de Baluarte. Kameneka n'kakale kuposa lingalo, kadamangidwa mu 1522, ndipo akatswiri amati ndi nyumba yakale kwambiri ya azungu yomwe ikadaimabe kumwera konse kwa dziko lapansi. M'katimo muli manda a akuluakulu omwe adafera pa ulendo. Chilumbachi chinali siteji ya zombo zochokera ku Lisbon kupita ku Goa, ku India. Zombo za nthawi imeneyo zinkayendera mphepo, ndipo mphepo ya m'nyanja ya India imawomba kulowera uko miyezi ina, kenako n'kutembenuka. Chombo chikafika mochedwa chinkagona pachilumbachi miyezi yambiri kudikira mphepo, amalinyero akufa ndi malungo. Koma amoyo ankadya, kumwa ndi kugula, ndipo tauni inkalemera.

Tsono funso n'lakuti, chomwe ankalondera ndi mizinga yonseyi chinali chiyani? Katundu, abale anga, ndipo wambiri ankachokera kwathu kuno kumtunda. Vasco da Gama atafika mu 1498 adapeza amalonda achisilamu akuchita kale geni pachilumbachi. Apwitikizi adakhazikikapo mu 1507 n'kulanda msikawo. Mkulu wa linga ankapatsidwa udindo kwa zaka zitatu, ndipo kwa nthawi yaitali malonda a mumtsinje wa Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, anali m'manja mwake yekha. Munthu wodziwa kuti mpando ndi wa zaka zitatu zokha mukudziwa mmene amadyera, sindikuuzani ndine. Nsalu ndi mikanda zinkachokera ku India, kukasinthanitsidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu. Mu 1686 amwenye a ku Diu adapatsidwa chilolezo chokhala okhawo oitanitsa katundu pakati pa kwawo ndi chilumbachi, ndiye kuti wopikulitsa anali mmodzi, mtengo ankanena yekha. Minyanga yambiri inkachokera m'dziko la Amaravi, ndipo m'zaka za m'ma 1700 amene ankaisenza kwambiri ndi amalonda achiyao, omwe ankayenda wapansi kuchokera cha ku nyanja yathu ino mpaka ku Mossuril, gombe loyang'anana ndi chilumbachi. Mtunda womwe ine ndinadandaula nawo nditakhala pa mpando wa sitima, iwo ankauyenda ndi mnyanga pamutu.

Pali katundu wina yemwe ankayenda yekha ndi miyendo yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 malonda a akapolo adakula kwambiri padokoli. Anthu ankagwidwa m'midzi ya kumtunda, kugulitsidwa ndi mafumu ndi amalonda akuda anzawo, n'kukakwezedwa m'zombo zopita ku zilumba za Afalansa ndi ku Brazil. Mu Disembala 1794 chombo chotchedwa São José chidanyamuka pachilumbachi ndi anthu pafupifupi 500 omangidwa, kulowera ku Brazil. Chidasweka pa miyala pafupi ndi Cape Town, anthu oposa 200 n'kumira, ndipo opulumuka adagulitsidwanso komweko. Zotsalira za chombochi zidalengezedwa kuti zapezeka mu 2015. M'tauni ya miyala ija muli bwalo la chikumbutso lomwe lidatsegulidwa mu 2007 pa malo omwe ankasungirapo akapolo. Mizinga yomwe ndinkaisirira ija inkaonetsetsa kuti malonda amenewanso akuyenda popanda chosokoneza. Ukadziwa zimenezi, kujambulitsa utakhalira mzinga kumachititsa manyazi.

Nanga lidagonja bwanji? Woyamba kulilasa anali amalonda achiyao omwe aja, popanda kuwombera mfuti ndi kamodzi komwe. Ataona kuti misonkho ya Apwitikizi yakweza mtengo wa nsalu, ndiponso njira ya ku Mossuril yadzaza nkhondo, ambiri adatembenuza ulendo n'kumakagulitsa minyanga yawo ku Kilwa, ku Tanzania ya lero, komwe mtengo unali wabwino. Mzinga ukhoza kuletsa chombo kulowa padoko, koma sungakakamize munthu wa ku Mangochi kubweretsa katundu wake kwa iwe. Kenako mu 1869 adatsegula ngalande ya Suez ku Egypt, zombo za ku India n'kuyamba kudutsa njira yachidule, osazunguliranso kuno. Mu 1898 likulu la dziko lidasamukira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, kutsata ndalama za migodi ya ku Joni. Chomaliza chinali doko la Nacala, la madzi akuya oti sitima zikuluzikulu n'kukocheza bwinobwino. Mu 1970 njanji yathu idalumikizidwa ndi ya ku Nacala kudzera pa Nayuchi, ndipo katundu wa ku Malawi, yemwe kale ankathera pansi pa mizinga ya São Sebastião, adayamba kutulukira ku Nacala. Mphambano ya pa Monapo ija ndi yomwe idachita zimene Adatchi adalephera ndi zombo 13.

Apwitikizi adachoka mu 1975 dziko litalandira ufulu, lingalo lili chiimire. Pa nkhondo ya pachiweniweni yomwe idatha mu 1992, pomwe anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira kuno ku Malawi, ena ambiri adathawira pachilumbachi n'kukadzazana ku Macuti. Mu 1991 bungwe la UNESCO lidaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo pambuyo pake mbali zina za linga zidakonzedwa. Lero amene amalowa pa khomo lija ndi alendo a makamera. Geni yomwe ndinaiona ndi ya nsomba, kokonati, zitenje zomwe kumeneko amati capulana, ndi anyamata ogulitsa mikanda yakale yomwe amati amatola m'mphepete mwa nyanja. Msika womwe unkadyetsa Lisbon ndi Goa watsala wa mulu wa tomato.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kugwedeza mutu, poti nkhani iyi mudaiona ndi maso. Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda kuti akalowe m'misika yomwe adawakonzera. Mkangano womwe udabuka nthawi imeneyo, ndipo umabukabe khonsolo iliyonse ikafuna kusamutsa anthu, ndi womwewu wa pachilumba: akuluakulu amaloza mpanda, geti ndi denga la malata, wogulitsa amaloza komwe kukudutsa anthu. Mpanda ndi wabwino, umaletsa mbava, ndipo palibe amakonda kugulitsa akuthamangitsana ndi apolisi. Koma mpanda subweretsa kasitomala. Apwitikizi adali ndi mpanda woposa wa msika uliwonse m'Malawi muno, ndipo adatsala nawo okha.

Tsono inu a makomiti a m'misika, tsiku lomwe abwana adzabwere ndi pulani ya msika watsopano, musadzayambe ndi kufunsa kutalika kwa khoma. Dzafunseni kuti minibasi zizidzatsitsa pati, ndipo zilembedwe papepala kuti siteji sidzasamuka chaka chamawa. Dzafunseni kuti mpope wa madzi uli pati, ndipo ukauma mudzamwa chiyani, poti ngakhale asilikali a 1607 adapulumukira nkhokwe ya madzi. Dzafunseninso za chiphaso, chifukwa chikakwera mopitirira muyeso wogula ndi wogulitsa onse amapeza Kilwa wawo kuseri kwa depoti. Ndipo amene mumakaoda katundu ku Nampula, tsiku lina mudzapatule ndalama ya chapa mukafike pachilumbachi. Mukadzuke m'mamawa dzuwa lisanakwiye, mukakwere pamwamba pa khoma, mukawerenge zombo za katundu zomwe zikulowa padoko lomwe mizinga ija ikulonderabe. Ine ndinakhalapo maola awiri, ndinaona mabwato a asodzi okhaokha.